Zaka 222 zodikira namzeze: buku la banja la a Marsham

M'chaka cha 1736, m'mudzi wotchedwa Stratton Strawless, makilomita oposa pang'ono khumi kumpoto kwa mzinda wa Norwich ku Mangalande, mnyamata wa zaka 28 anatenga nthenga yolembera nayamba kusunga zinthu zomwe anthu ophunzira a nthawi imeneyo sakanataya nazo inki. Ankalemba tsiku lomwe wamva achule akulira koyamba m'chaka. Ankalemba tsiku lomwe mtengo wakutiwakuti pa malo a banja lawo watulutsa masamba, ndiponso tsiku lomwe namzeze woyamba watulukira. Chaka chikatha ankayambanso, ndipo sanaleke mpaka imfa inamupeza mu 1797 ali nkhalamba ya zaka 89. Dzina lake linali Robert Marsham.

Atamwalira mkuluyu, ana ndi zidzukulu anatola bukulo napitiriza, ndipo linadzatsekedwa mu 1958 pomwe mayi Mary Marsham anatsikira kuli chete. Werengani nokha, awerengi, ndi zaka 222 zimenezo. Pomwe Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu 1835, n'kuti patapita pafupifupi zaka zana chilembereni tsamba loyamba. Pomwe amishoni a ku Scotland ankakhazikitsa Blantyre mu 1876, a Marsham anali akuwerengabe masamba a mitengo yawo. Bukuli linatha chaka chomwe Dr Banda anatera pa Chileka.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kufotokoza kaye za nyengo ya kumeneko, poti ife kuno timadziwa dzinja, masika ndi chilimwe. Kwa anzathuwa, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa, mitengo yambiri imayoyola masamba onse n'kutsala mbulanda, tizilombo timabisala, ndipo mbalame zina zimasowa osadziwika kolowera. Kenaka cha mu Malichi, Epulo ndi Meyi dziko limadzuka. Nyengo yodzukayi amaitcha spring, ndipo ndiyo a Marsham ankaidikira pakhomo ngati mlendo. Anasankha zizindikiro 27 zosonyeza kuti mlendoyo wafika: kuphuka kwa maluwa angapo monga snowdrop ndi hawthorn, kutuluka kwa masamba pa mitengo yoposa khumi monga oak, ash, elm, beech ndi birch, kulira kwa achule, kuoneka kwa gulugufe wachikasu, kuyamba kumanga zisa kwa mbalame zonga akhwangwala zotchedwa rook, ndi kufika kwa mbalame zapaulendo: namzeze, cuckoo, nightingale ndi mbale wake wa lumbe wathu uja wolira usiku.

Onani bwino mndandandawu. Mulibe chinthu chachilendo ngakhale chimodzi. Mwana aliyense wa ku Norfolk woweta nkhosa ankazidziwa zonsezi, monga momwe mwana wa ku Ntchisi amadziwira kuti inswa zimatuluka mvula ikagwa. Ine ndimaona kuti nzeru za a Marsham zagona pomwepa. Munthu akagula kope kuti alembe za chilengedwe, mtima umathamangira zodabwitsa, kambuku yemwe anadutsa kumanda kapena nsato yomwe inameza mbuzi. Koma zodabwitsa zimachitika kamodzi, ndipo chochitika kamodzi sungachiyerekeze ndi china. Chule amalira chaka ndi chaka. Ukalemba tsiku lake kwa zaka makumi asanu ndi limodzi pa dambo lomwelo, chuleyo wasanduka wotchi.

A Marsham anali mwini malo, wobadwira m'banja lopeza bwino, ndipo anaphunzirako ku Clare College ku Cambridge. Koma mtima wawo unali pa mitengo. Malo ambiri a banjali anali a mchenga, osabereka bwino, ndipo iwo anathera moyo wawo wonse akuwabzala mitengo mpaka thengo la zitsamba linasanduka nkhalango. Sankangobzala n'kuchoka ayi. Ankazungulira ndi chingwe kuyeza kunenepa kwa thunthu la mtengo uliwonse womwe anausankha, chaka ndi chaka, n'kumalemba. Panalinso kachizolowezi kena komwe kamandiseketsa ndikakaganiza: ankakhulupirira kuti mtengo ukamasambitsidwa umakula msanga, motero ankatsuka makungwa ndi madzi ndi bulashi, n'kusiya mitengo ina yosasamba kuti afananize. Zotsatira zake anazitumiza ku bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London, ndipo zinasindikizidwa. Kaya anansi ankati chiyani poona bwana wathunthu akukwecha mtengo ngati mwana wa sukulu Lolemba m'mawa, koma bungwelo linawalandira kukhala membala mu 1780, ndipo mu 1789 linasindikiza zizindikiro zawo zija pa mutu wakuti Indications of Spring.

Bukulo lisanakwanitse n'komwe zaka zisanu, dziko la Mangalande linagwa m'chisanu chomwe mbiri imachikumbukirabe, cha 1739 mpaka 1740. Mitsinje inauma gwa ngati mwala, mbewu zinafera m'nthaka, ndipo ku Ireland kunatsatira njala yomwe inapha anthu miyandamiyanda. A Marsham analemba zomwe anaona pakhomo pawo, kuphatikizapo kuti mbewu ya turnip inawonongeka ndiponso kuti zam'kati mwa mphika wokodzeramo usiku zinkaundana m'chipinda momwe. Wolemba mbiri ya mafumu sakanalemba za mphika umenewo. Komatu palibe chipangizo chomwe chingakuuzeni bwino za kuzizira kwa m'nyumba ya munthu wolemera kuposa mphikawo, ndipo ukamva zimenezo umayamba kuganiza za m'nyumba za amphawi.

Atakalamba anapeza bwenzi la m'makalata. Mu 1789 m'busa wina wa ku Hampshire, Gilbert White, anatulutsa buku lonena za mbalame, nyama ndi zomera za m'mudzi mwake mwa Selborne, buku lomwe likusindikizidwabe mpaka lero. A Marsham ataliwerenga anamulembera kalata mu 1790, ndipo nkhalamba ziwirizi zinakhala zikulemberana za mitengo ikuluikulu ndi mbalame mpaka White anamwalira mu 1793. M'kalata ina ya mu 1792 a Marsham anafotokoza za kambalame kachilendo, ka mapiko ofiira, komwe kankauluka pa makoma a nyumba yawo. Inali wallcreeper, mbalame ya m'mapiri ataliatali a ku Ulaya, ndipo akatswiri amaiwerenga kuti ndi yoyamba kulembedwa ku Britain. Nanga anaidziwa bwanji bwinobwino chonchi? Wantchito wawo anaiwombera. Umu ndi momwe sayansi ya mbalame inkayendera masiku amenewo, kudalira mfuti. Mbalame yodabwitsayo inapereka mzere umodzi m'mabuku n'kuthera pompo, pomwe namzeze wamba, yemwe palibe anamuwombera, anapereka mizere yoposa zana.

Wantchito wa mfuti uja amandikumbutsa mbali ina yomwe okonda nkhaniyi amakonda kuilumpha. Bwana mmodzi sangakumbe yekha maenje a nkhalango yonse. Panali anthu ogwira makasu ndi mafosholo, onyamula mbande, otchetcha, ndipo ndikukayika ngati bwana ndiye ankakhala woyamba kumva cuckoo chaka chilichonse pomwe anyamata ake ankalawirira kumunda iye akadali m'bulangete. Mayina awo sali pa chikuto. Ndiponso buku la zaka 222 limafuna chinthu chomwe osauka a ku Mangalande analibe: malo omwe banja likudziwa kuti mdzukulu adzawapeza. Zaka za m'ma 1700 zomwezo ndi zomwe nyumba ya malamulo ya dzikolo inkavomereza kutchinga mipanda malo odyetsera ziweto a anthu wamba m'midzi yambirimbiri. Wobwereka munda sawerenga masamba a mtengo womwe mawa angamulande. Sindikunena izi pofuna kunyoza a Marsham, poti eni malo anzawo ambiri anathera nthawi yomweyo pa kusaka nkhandwe ndi kumwa vinyo. Ndikungoti kudekha komwe kumaonetsa maso a nkhono kumafunanso pokhala.

Za olowa m'malo aja palibe zambiri zokamba, ndipo n'chifukwa chake ndimawalemekeza. Sanatulukire kalikonse. Anangopitiriza ntchito yotopetsa ya agogo awo, mizere yomweyo, malo omwewo kapena apafupi. Bukulo lili ndi zilema zake. Muli mpata wa zaka pafupifupi 25 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 pomwe zolemba zikusowa. Maso ndi makutu a olemba ankasiyana, wina wakhama, wina waulesi, wina wogontha pang'ono chifukwa cha ukalamba. Palinso msampha wa kalendala. Mu 1752 dziko la Britain linasintha kawerengedwe ka masiku, kotero kuti anthu anagona pa 2 Sepitembala n'kudzuka pa 14 Sepitembala. Aliyense wofuna kufananiza masiku a zaka zoyambirira ndi a pambuyo pake ayenera kuwonjezera masiku 11, apo ayi anganamize dziko kuti kale mitengo inkafulumira.

Mu 1926 katswiri wina, Ivan Margary, anasanthula zolembazi nazisindikiza m'magazini ya bungwe loona zanyengo la Royal Meteorological Society. Bungwe lomweli linali ndi anthu ongodzipereka m'dziko lonselo olemba zizindikiro zotere kuyambira 1875, koma ntchitoyo inaima mu 1947. Sayansi inali italowa m'nyumba zoyezera zinthu, ya makina ndi mayunifolomu oyera, ndipo zolemba tsiku lophuka duwa zinkaoneka ngati masewera a abusa opuma ntchito ndi amayi okalamba. Nkhalango ya a Marsham nayonso sinapulumuke. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ya 1914 ndi ya 1939, dziko linafuna matabwa, ndipo mitengo yambiri yomwe mkulu uja anaisambitsa ndi bulashi inagwetsedwa. Mwa yochepa yomwe inatsala pali mkungudza wina waukulu womwe anaubzala mu 1747, wosiyana mtundu ndi wathu wa pa Mulanje, womwe anthu amapitabe kukauona.

Ndiye kunabwera nkhani ya kutentha kwa dziko. Akatswiri atayamba kutsutsana, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ngati kusintha kwa nyengo kukukhudzadi zamoyo, anapeza kuti makina awo onse sangawauze tsiku lomwe mtengo wa oak unkaphukira mafakitale asanayambe kufuka utsi. Makina amayeza za lero basi. Mu 1995 Tim Sparks ndi Peter Carey anatenga buku la a Marsham, zaka za 1736 mpaka 1947, naliika pambali pa kaundula wa katenthedwe ka pakati pa Mangalande yemwe amayambira mu 1659, ndipo zomwe anapeza anazisindikiza mu Journal of Ecology. Zinaoneka poyera kuti miyezi yoyambirira ya chaka ikafunda, zomera zambiri zimafulumira kuphuka, ndipo kuti sizifulumira mofanana. Oak amamva kutentha msanga kuposa ash. Mbalame zochokera kutali sizisuntha masiku awo mofanana ndi mitengo.

Kusafananaku ndiko kuli ndi ululu. Oak akafulumira, mbozi zodya masamba ake anthete nazo zimafulumira. Mbalame yomwe ikuchokera ku Africa siingadziwe kuti kumene ikupitako mphika waphulidwa kale, ndipo ikhoza kuswa ana ake mbozi zitatha. Ofufuza a ku Netherlands anaonetsa zimenezi pa kambalame kotchedwa pied flycatcher. Choncho buku lomwe linkaoneka ngati chibwana cha bwana wosowa chochita linasanduka umboni pa mlandu waukulu wa m'badwo wathu. Sparks yemweyo anayambitsanso mu 1998 ntchito yotolera zizindikiro kwa anthu wamba, bungwe la Woodland Trust linalowapo mu 2000, ndipo lero anthu zikwizikwi amatumiza masiku awo ku ntchito yotchedwa Nature's Calendar. Dzina la sayansi imeneyi ndi phenology, mawu omwe anapekedwa a Marsham atamwalira kale. Anagwira ntchito zaka 61 isanakhale ndi dzina.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri, komabe, si masiku osunthawo. Ndi mizere yomwe lero ikuvuta kudzaza. Mkulu uja anasankha zinthu 27 chifukwa zinali ponseponse, zosasowa. Koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 matenda a Dutch elm disease anapha mitengo ya elm mamiliyoni ambiri ku Britain. Mu 2012 matenda ena opha ash anapezeka m'nkhalango za dzikolo, ndipo Norfolk yemweyo anali m'gulu la madera oyamba. Cuckoo ndi nightingale zachepa kwambiri moti zonse ziwiri zili pa mndandanda wofiira wa mbalame zomwe zili pangozi kumeneko. Munthu wolemba zomwe zilipo sadziwa kuti akulemba kaundula wa maliro a mtsogolo. Akanalemba zachilendo zokhazokha, palibe akanadziwa kuti zawamba zija zinali zawamba.

Tsono pali funso lomwe a Marsham ndi White anapita nalo kumanda: kodi namzeze akasowa miyezi yozizira amakhala ali kuti? Anthu ophunzira ambiri a nthawi imeneyo, ngakhale Linnaeus yemwe anakonza dongosolo la mayina a zamoyo, ankakhulupirira kuti amagona pansi pa madzi kapena m'matope mpaka kufunde. White ankakayikakayika, ndipo ankafufuza m'malo obisika kuti mwina apeza mbalame zogona. Yankho lenileni linadza ndi kamphete. Mu Meyi 1911 John Masefield, loya wa ku Cheadle m'chigawo cha Staffordshire, anaveka namzeze kamphete kachitsulo kumwendo, ndipo mu Disembala 1912 mbalameyo inagwidwa pa famu ina pafupi ndi Utrecht ku Natal, ku South Africa. Za cuckoo zinadziwika bwino mochedwa kwambiri, kuyambira 2011, pomwe bungwe la British Trust for Ornithology linayamba kuzimangirira tizipangizo tolondoleka ndi setilaiti n'kupeza kuti zambiri zimakathera m'nkhalango za ku Congo.

Apa ndiye nkhani ya ku Norfolk yatipeza pakhomo. Sindikunena anamzeze athu omanga zisa zadothi pakhonde, amenewo ndi eni mudzi. Ndikunena aja obwera ndi mvula, a kukhosi kofiirira ndi mchira wa mphanda, omwe amadzaza mawaya a magetsi mazanamazana kuyambira cha mu Okutobala n'kuzimiririka cha mu Epulo osamanga chisa ngakhale chimodzi. Ndi mtundu womwewo womwe a Marsham ankaudikira, ngakhale kuti ofika kuno ambiri amachokera mbali zina za Ulaya ndi Asia. Kwa zaka mazana awiri banja lina linkalemba tsiku lofika mbalameyi. Tsiku lonyamuka linkaoneka kuno ku Africa, pamaso pa agogo athu, ndipo iwo analisunga m'mutu.

Pasapezeke wondiuza kuti makolo athu analibe zizindikiro zawo. Anali nazo zoposa 27. Masamba ofiira a mombo ndi tsamba otuluka mvula isanagwe, dziko lili gwa. Nyenje zoboola makutu mu Okutobala. Chizimalupsa. Inswa, bongololo, achule m'madambo. Utale pa chulu, ndelema ndi manyame pansi pa mitengo ya miombo. Masuku akupsa, matondo ndi mphalabungu zikugwa m'mitengo. Mlimi ankadziwa nthawi yosunga mbewu pafupi ndi khasu poyang'ana zimenezi, wailesi isanabwere. Chomwe chikusowa ndi manambala a masiku ndi zaka. Tonsefe timamva, ndipo timanena, kuti kale bowa ankachuluka, kale mvula inkayamba msanga. Kale liti? Ankachuluka bwanji? Mawu otere sungapite nawo kwa wogula malo, kapena kwa wachibale yemwe wagwirizana kale ndi ootcha makala, poti iye adzangoti nkhalamba zimakonda kutamanda dzulo. Ndipo matumba a makala omwe timawaona atandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa M1, omwe amathera m'mbaula zathu za m'tauni, ambiri amachokera m'tinkhalango totere ta mabanja ndi midzi, tomwe palibe analembapo zomwe zinkakhalamo.

Kwathu kuli kankhalango kotero, kuseri kwa munda wa malemu agogo aakazi, kosakwana mahekitala awiri. Woyang'anira ndi amalume, ndipo pa abale pali kale mawu akuti kagulitsidwe kapena kagwetsedwe poti sikabweretsa ndalama. Mwezi wa Disembala wapitawu ndinapita ndi kope la masamba 96, ndinawafotokozera za a Marsham, n'kuwapempha kuti tiyendemo anditchulire zomwe zilimo ndi zomwe zinatha.

"Mphwanga, mzungu wakoyo analibe ntchito eti?" anandifunsa.

"Anali nayo, amalume. Yosambitsa mitengo."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma anatenga ndodo yawo tinalowa. Pofika masana tinali titalemba mitengo yomwe anaitchula ndi ntchito zake, msuku, mpoza, muwanga, mlombwa umodzi wokha womwe unapulumuka chifukwa ndi wokhota, ndi mbalame zomwe tinazimva. Nkhwali zilimo. Changa amalirabe usiku, atero iwo. Zovuta zinayamba pa tsamba la zomwe zinatha, poti amalume sawerenga zaka ndi manambala. Nditafunsa za gwape womaliza anati chinali chaka cha referendamu, ndipo ndinalemba 1993. Nkhanga zam'tchire anati zinasiya kugona m'menemo chaka chomwe mphwanga wina anabadwa, ndipo chaka chimenecho tinachipeza pa khadi la kusikelo. Nungu anati anamuona komaliza atangofolera tchalitchi ndi malata, zomwe ndikafunse kwa akulu a mpingo.

Pa ngaka ndiye tinakanganapo. Iwo akuti yomaliza inapezeka njala ya 2002 isanafike, pomwe mayi anga, mlongo wawo, akulumbira kuti inali itadutsa, poti akukumbukira kuti anali atayamba kale kudya chimanga chatsopano. M'kope ndalemba zaka ziwiri, 2001 ndi 2002, ndi pensulo, ndipo mayi aang'ono omwe akuti analipo tsikulo sindinawapezebe, ali ku Mchinji.